Kutchaja magalimoto amagetsi pamasitolo

Kutchaja magalimoto amagetsi pamasitolo ndi dongosolo loti munthu yemwe ali ndi galimoto yoyendera batire aziitchaja pamalo oimikapo magalimoto a supamaketi kapena sitolo ina yaikulu, iye ali mkati kugula zinthu. Dongosololi linayamba kufala pambuyo pa chaka cha 2010, pamene magalimoto monga Nissan Leaf anayamba kugulitsidwa kwa anthu ambiri. Lakhazikika kwambiri ku United States, ku Britain ndi m'maiko ena a ku Ulaya. Ena mwa masitolo odziwika ndi zimenezi ndi Walmart, Target ndi IKEA ku United States, komanso Tesco, Sainsbury's, Morrisons ndi Lidl ku Britain.

Madalaivala amakumana ndi zosiyanasiyana pamalo amenewa. Ena amatuluka m'sitolo n'kupeza batire ladzaza popanda kutaya nthawi, pomwe ena amapeza makina owonongeka, mzere wautali kapena galimoto ya petulo itatseka malo. Kawirikawiri kusiyanaku kumachokera pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi liwiro la makina poyerekeza ndi nthawi yomwe munthu amakhala m'sitolo. Chachiwiri ndi chakuti sitolo imene ili pamalopo nthawi zambiri si mwini wake wa makinawo, choncho akawonongeka palibe munthu pafupi woti athandize.

Chifukwa chake masitolo anasankhidwa

Kumwetsa petulo kapena dizilo kumatenga mphindi zochepa, koma kutchaja batire la galimoto kumatenga nthawi yaitali, kuyambira mphindi 20 mpaka maola angapo. Pachifukwa ichi makampani otchajitsa anafunafuna malo amene galimoto imakhala itaima kale mwini wake akuchita zina. Masitolo akuluakulu ali ndi mabwalo otakasuka oimikapo magalimoto, magetsi owunikira usiku, zimbudzi ndi zakudya, ndipo ambiri ali pafupi ndi misewu ikuluikulu. Kampani ya Walmart, mwachitsanzo, imanena kuti anthu 90 pa 100 alionse ku United States amakhala pamtunda wosapitirira mamailosi 10, omwe ndi makilomita pafupifupi 16, kuchokera pa imodzi mwa sitolo zake.

Unduna woona za mphamvu ku United States umati pafupifupi 80 peresenti ya kutchaja konse kumachitikira kunyumba. Komabe si aliyense angathe kutero. Anthu okhala m'nyumba zosanjikizana, ochita lendi ndiponso omwe amaimika galimoto m'mbali mwa msewu alibe poika tchaja yawoyawo. M'mizinda yambiri ya ku Britain muli nyumba zakale zogundizana zomwe zilibe bwalo loimikapo galimoto. Kwa anthu oterewa, makina a pasitolo ndiwo amalowa m'malo mwa malo omwetsera mafuta, ndipo akalephera kugwira ntchito, ulendo wa kuntchito mawa lake umasokonekera.

Mbiri ku United States

Masitolo ena ku California anaika makina otchajira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, panthawi ya magalimoto oyambirira monga EV1 ya General Motors. Imodzi mwa sitolozi inali Costco, yomwe inadzachotsa makina ake mu 2011 ponena kuti sankagwiritsidwa ntchito mokwanira. Makina ambiri a nthawi imeneyo anali oyenda pang'onopang'ono, ndipo eni masitolo ankawaona ngati chokopera makasitomala osati bizinesi payokha.

Kampani ya Volta, yomwe inayamba mu 2010 ku Hawaii, inabwera ndi njira ina. Inkaika makina okhala ndi sikirini yaikulu pafupi ndi khomo la sitolo, n'kumapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsidwa pasikirinipo, ndipo dalaivala ankatchaja ulere kwa nthawi yoikika. Kampani ya mafuta ya Shell inagula Volta mu 2023.

Kusintha kwakukulu kunabwera chifukwa cha mlandu wa Volkswagen. Mu 2015 zinadziwika kuti kampaniyi inkabera mayeso a utsi wa magalimoto ake a dizilo. Monga mbali ya chilango, inavomera kugwiritsa ntchito madola 2 biliyoni pa zaka 10 potukula magalimoto osatulutsa utsi, ndipo inakhazikitsa kampani ya Electrify America. Mu 2018 Electrify America inagwirizana ndi Walmart zoika makina othamanga pamasitolo ake, makamaka omwe ali m'mbali mwa misewu yodutsa m'zigawo zosiyanasiyana za dzikolo. Kuyambira pamenepo anthu ambiri oyenda maulendo ataliatali pa magalimoto omwe si a Tesla akhala akupumira pamabwalo a Walmart.

Mu Epulo 2023 Walmart inalengeza kuti pofika 2030 idzakhala itaika makina akeake othamanga pamasitolo masauzande a Walmart ndi Sam's Club. Panthawiyo panali kale makina othamanga pafupifupi 1,300 pamalo ake opitirira 280. Kampani ya Tesla nayo, yomwe inayamba kumanga malo ake otchedwa Supercharger mu 2012, yaika ambiri mwa malowa pamabwalo a masitolo.

Mbiri ku Britain

Mu Novembala 2018 sitolo ya Tesco, mogwirizana ndi Volkswagen ndi kampani ya Pod Point, inalengeza zokonza malo otchajira opitirira 2,400 pamasitolo 600. Makina a 7 kW anali aulere kwa makasitomala, pomwe othamanga a 50 kW anali olipira. Kwa zaka zingapo anthu ambiri anazolowera kutchaja mwaulere pokagula zinthu za pamlungu. Zimenezi zinatha mu Novembala 2022, pamene mitengo ya magetsi inakwera kwambiri ku Ulaya, ndipo makina a 7 kW anayamba kulipiritsa mapeni 28 pa kWh iliyonse.

Mu Januwale 2024 Sainsbury's inakhazikitsa malo akeake otchajira otchedwa Smart Charge, okhala ndi makina othamanga a 150 kW. Apa mpamene zinaonekera kuti masitolo ayamba kusiya makina aulere oyenda pang'onopang'ono n'kutengera makina othamanga olipira, omwe sitolo imawayendetsa ngati malonda ena alionse.

Mitundu ya makina ndi nthawi yotchajira

Mphamvu ya makina otchajira imayezedwa mu kW, pomwe kuchuluka kwa magetsi olowa m'batire kumayezedwa mu kWh. KWh imodzi ndi yomwe anthu amaitcha yuniti akamagula magetsi a panyumba. Mabatire a magalimoto ambiri amasiku ano amasunga pakati pa 40 ndi 100 kWh, ndipo galimoto wamba imadya pakati pa 15 ndi 20 kWh pa makilomita 100 alionse.

Pamasitolo pamapezeka mitundu iwiri ya makina. Woyamba umapereka magetsi a AC, ngati a m'nyumba, pa mphamvu ya 7 mpaka 22 kW. Magetsiwa amasinthidwa kukhala a DC ndi kachipangizo komwe kali m'galimoto momwemo, ndipo m'magalimoto ambiri kachipangizoka sikapitirira 7 kapena 11 kW ngakhale makinawo atalembedwa 22 kW. Mtundu wachiwiri umapereka magetsi a DC molunjika ku batire, pa mphamvu ya 50 mpaka 350 kW. Makina amenewa ndi aakulu, ndi odula, ndipo nthawi zambiri amafuna thiransifoma yawoyawo.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa galimoto ya batire la 60 kWh imene ikufunika kuchoka pa 10 kufika pa 80 peresenti, zomwe ndi 42 kWh. Pa makina a 7 kW imafuna maola 6. Pa makina a 50 kW imafuna nthawi yosakwana ola limodzi. Pa makina a 150 kW imafuna pafupifupi theka la ola. Munthu amene walowa m'supamaketi kwa mphindi 45 atalumikiza pa makina a 7 kW amapeza 5 kWh yokha, yokwanira makilomita pafupifupi 30. Zimenezi zimakwanira woyenda m'tauni, koma osati wapaulendo. Vuto la mbali inayo limapezekanso: pa makina othamanga kwambiri galimoto imatha kumaliza mwini wake akadali pamzere wolipira katundu, ndipo amayenera kutuluka kukaichotsa.

Liwiro lolembedwa pamakina si lomwe dalaivala amalipeza nthawi zonse. Batire limalandira magetsi mwachangu likakhala lotsika, ndipo liwiro limachepa kwambiri likapitirira 80 peresenti pofuna kuliteteza kuti lisawonongeke. Galimoto iliyonse ilinso ndi malire ake, moti yomwe imalandira 100 kW sipindula kanthu ikaima pa makina a 350 kW. Pamalo ena makina awiri oyandikana amagawana mphamvu, ndiye galimoto yachiwiri ikalumikizidwa, liwiro la yoyamba limatsika. Madalaivala atsopano ambiri amaganiza kuti makina awonongeka pomwe chikuchitika ndi chimodzi mwa zinthu zimenezi.

Mapulagi nawo ndi osiyana. Ku Ulaya magalimoto ambiri amagwiritsa ntchito Type 2 pa AC ndi CCS pa DC. Nissan Leaf zakale zimagwiritsa ntchito CHAdeMO ya ku Japan, yomwe ikusowa pamalo atsopano. Ku North America kunali CCS ndi pulagi ya Tesla, koma mu Meyi 2023 kampani ya Ford inalengeza kuti itengera ya Tesla, yotchedwa NACS, ndipo General Motors ndi makampani ena ambiri anatsatira chaka chomwecho. Pachifukwa ichi madalaivala ambiri kumeneko amayenda ndi adaputa m'galimoto.

Zomwe madalaivala amayamikira

Chinthu chachikulu chomwe eni magalimoto amatchula n'chakuti ntchito ziwiri zimatheka nthawi imodzi. Munthu amene amayenda makilomita 200 kapena 250 pamlungu angathe kutchaja kamodzi kokha pa makina othamanga tsiku lokagula zakudya, osapitanso kwina kulikonse. Apaulendo amayamikira zimbudzi, chakudya chotsika mtengo kuposa cha pamalo opumira a mumsewu waukulu, ndiponso malo oti ana atambasule miyendo.

Nkhani ya chitetezo imatchulidwanso kawirikawiri. Bwalo la sitolo yotsegula limakhala ndi anthu, magetsi ndi makamera, kusiyana ndi makina oikidwa kuseri kwa nyumba za maofesi. Madalaivala a matakisi ndi operekera katundu m'makomo, omwe amatchaja kangapo patsiku, amadaliranso malowa chifukwa amapezeka m'madera ambiri a mzinda.

Makina osagwira ntchito

Dandaulo lalikulu ndi makina owonongeka. Mu 2022 gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi David Rempel wa ku University of California, Berkeley linayesa mapulagi 657 a CCS pamalo 181 otchajira a m'dera la San Francisco, kupatula a Tesla. Linapeza kuti 72.5 peresenti yokha ndi yomwe inkagwira ntchito. Ena anali ndi sikirini yakufa, ena ankakana malipiro, ena ankalephera kuyamba kutchaja, ndipo pafupifupi 5 peresenti anali ndi chingwe chachifupi chosafika pagalimoto. Kafukufuku wa kampani ya J.D. Power wa mu 2023 anaonetsa kuti dalaivala mmodzi pa asanu alionse ku United States anafika pamalo otchajira n'kuchokapo osatchaja. Kafukufukuyu sanali wa masitolo okha, koma malo ambiri otchajira m'mizinda ya dzikolo ali pamabwalo a masitolo.

Zifukwa zake n'zambiri. Makina amakhala panja, padzuwa, pamvula ndi pachipale chofewa, ndipo mosiyana ndi malo ambiri omwetsera mafuta, nthawi zambiri alibe denga. Amadalira netiweki ya foni kuti atsimikize malipiro, moti netiweki ikavuta makina abwinobwino amakana kugwira ntchito. Kuti kutchaja kuyambe, kompyuta ya galimoto ndi ya makina ziyenera kumvana, ndipo magalimoto ndi makina a makampani osiyana nthawi zina amalephera kutero. Mapulagi amagwetsedwa pansi, ndipo magalimoto obwerera m'mbuyo amagunda makinawo.

Kuba zingwe kwawonjezera vutoli. Akuba amadula zingwe za makina othamanga pofuna waya wa kopa, kawirikawiri usiku sitolo itatseka. Mu 2024 Electrify America inanena kuti zingwe zomwe zinadulidwa m'miyezi isanu yoyambirira ya chakacho zinaposa za chaka chonse cha 2023, ndipo dera la Seattle linali limodzi mwa okhudzidwa kwambiri. Kopa wa m'chingwe chimodzi amagulitsidwa ndalama zochepa, koma kubwezeretsa chingwecho n'kodula ndipo kumatenga masiku kapena milungu. Vuto lomweli lachitikanso ku Britain, komwe makampani ena ayamba kukutira zingwe ndi zinthu zovuta kudula.

Kalipiridwe

Kwa zaka zambiri kampani iliyonse yotchajitsa inali ndi pulogalamu yake ya pafoni kapena khadi lake. Munthu wofika pasitolo yomwe makina ake ndi a kampani yachilendo ankayenera kuika pulogalamuyo pafoni, kulembetsa, kulowetsa nambala za khadi la kubanki, mwinanso kuikiratu ndalama, zonsezi ataima pabwalo. Pamalo oimikapo magalimoto apansi pa nthaka, pomwe netiweki sifika bwino, zimenezi zinkalephereka. Madalaivala ambiri amakhala ndi mapulogalamu angapo pafoni chifukwa cha mchitidwewu.

Eni magalimoto a Tesla sakumana ndi vutoli pa Supercharger, chifukwa makina amaizindikira galimoto ikangolumikizidwa ndipo ndalama imachotsedwa pa akaunti yokha. Njira yofanana nayo, yotchedwa Plug & Charge, ikufalikira pang'onopang'ono kwa makampani ena. Kulipira pongogunditsa khadi la kubanki kwayambanso kufala. Komabe makampani ena amayamba agwira ndalama ina pakhadi kutchaja kusanayambe, ndipo makina akakana kangapo, ndalamayo imagwidwa kangapo mpaka banki itaibweza patapita masiku.

Mizere ndi malo otsekedwa

Masitolo ambiri ali ndi makina ochepa, awiri mpaka asanu ndi atatu. Loweruka, Lamlungu ndi panyengo ya tchuthi pamakhala mzere, koma bwalo la sitolo silinakonzedwere mzere wa magalimoto. Palibe chizindikiro chosonyeza woyamba kufika, choncho madalaivala amangogwirizana pakamwa, ndipo nthawi zina pamabuka mikangano.

Vuto lina ndi magalimoto a petulo kapena dizilo oimikidwa pamalo otchajira. M'Chingerezi mchitidwewu umatchedwa ICEing, kuchokera ku chidule cha injini yoyendera mafuta. Umachitika kwambiri pomwe makina aikidwa pafupi ndi khomo la sitolo, malo omwe aliyense amawafuna. Makina akaikidwa kumapeto kwa bwalo vutoli limachepa, koma dalaivala amayenda mtunda ndi katundu, ndipo usiku malowo amakhala amdima. Nthawi zambiri sitolo imaika makina pomwe pali pafupi ndi thiransifoma, chifukwa kukumba ngalande ya waya kudutsa bwalo lonse n'kodula.

Eni magalimoto amagetsi nawonso amatsekerezana. Ena amasiya galimoto yodzaza kale n'kupitiriza kugula zinthu, ena amadikira mpaka 100 peresenti pomwe anzawo ali pamzere. Pofuna kuthana nazo, Tesla inayamba kulipiritsa chindapusa pa mphindi iliyonse yomwe galimoto yakhala pamakina itamaliza, kuyambira mu Disembala 2016. Electrify America imapereka mphindi 10 zachisomo kenako n'kuyamba kulipiritsa, ndipo mu 2024 inayesa kudula kutchaja pa 85 peresenti pamalo ena odzaza kwambiri kum'mwera kwa California. Pakati pa madalaivala palinso malamulo osalembedwa: kusiya pa 80 peresenti ngati ena akudikira, kusatenga makina a 350 kW ndi galimoto yomwe singawagwiritse ntchito, ndi kubwezera chingwe pamalo pake.

Ku Britain kuli vuto linanso. Mabwalo ambiri a masupamaketi amayang'aniridwa ndi makampani apadera omwe amajambula nambala za magalimoto polowa ndi potuluka, ndipo amaika malire a nthawi, monga mphindi 90 kapena maola atatu. Madalaivala ena alandirapo makalata a chindapusa chifukwa chopitirira malirewa akutchaja kapena akudikira pamzere, kapena chifukwa cholowa pabwalo sitolo itatseka ngakhale kuti makinawo ankagwira ntchito.

Nyengo yozizira ndi anthu olumala

Batire lozizira limalandira magetsi pang'onopang'ono, ndipo galimoto imadya magetsi ambiri potenthetsa mkati. Choncho m'nyengo yachisanu anthu ambiri amafuna kutchaja, ndipo aliyense amatenga nthawi yaitali. Mu Januwale 2024, kutazizira kwambiri mumzinda wa Chicago, madalaivala anadikira kwa maola pamalo otchajira ndipo magalimoto ena anathera batire pamzere n'kuchita kukokedwa. Magalimoto ambiri atsopano amatenthetseratu batire ngati dalaivala wasankha malo otchajira pa mapu a m'galimoto asanafike, koma si onse amadziwa zimenezi.

Madalaivala olumala amakumana ndi zopinga zawozawo. Zingwe za makina othamanga n'zolemera komanso zolimba, malo ake amakhala opanikiza moti njinga ya olumala singadutse, ndipo makina ena amaikidwa pamwamba pa chiunda kapena kuseri kwa zitsulo zotchinga. Mu 2022 bungwe loona za miyezo ku Britain linatulutsa ndondomeko yotchedwa PAS 1899, mothandizana ndi bungwe la Motability, yofotokoza momwe malo otchajira angakhalire ofikirika kwa aliyense. Kuitsatira sikokakamiza.

Mwini makina ndi ndani

Pamalo ambiri sitolo imangobwereketsa gawo la bwalo lake, ndipo makinawo ndi a kampani ina yomwe imawaika, kuwakonza ndi kuika mitengo. Nthawi zina ngakhale bwalolo si la sitolo koma la mwini malo wina. Kasitomala akapeza makina atafa amalowa m'sitolo kukadandaula, koma ogwira ntchito mmenemo alibe makiyi kapena chilolezo chowakhudza. Chomwe angachite ndi kumuuza kuti aimbe nambala yolembedwa pamakinawo. Woyankha foni amatha kuwazimitsa n'kuwayatsanso ali kutali, koma ngati chawonongeka ndi chipangizo, pamafunika mmisiri yemwe angabwere patapita masiku.

Kwa kasitomala, mlandu umagwera sitolo chifukwa dzina lake ndi lomwe lili pabwalopo. Pomwe sitolo ili ndi makina akeake, monga momwe Sainsbury's yachitira ndiponso momwe Walmart inalengezera, udindo wonse umakhala pa kampani imodzi, ndipo kutchaja kumatha kulumikizidwa ndi makhadi a makasitomala okhazikika. Pomwe zinthu sizili choncho, madalaivala amadalirana okha. Pa mapulogalamu monga PlugShare ndi Zapmap amalemba ngati makina apamalo ena akugwira ntchito, ndipo ambiri amayamba aona pamenepo asananyamuke.

Mitengo

Kutchaja pa makina othamanga a pasitolo kumadula kuposa kunyumba, nthawi zambiri kawiri kapena katatu, chifukwa kampani imafuna kubweza ndalama za makina, za lendi ndi zomwe imalipira kukampani ya magetsi pokoka mphamvu yambiri nthawi imodzi. Ku Britain kusiyanaku kumakula chifukwa cha msonkho wa VAT, womwe ndi 5 peresenti pa magetsi a panyumba koma 20 peresenti pa makina a pagulu. Munthu yemwe ali ndi bwalo kunyumba amathanso kutchaja usiku pamtengo wotsika kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti amene alibe malo akeake, yemwe kawirikawiri ndi wopeza pang'ono, ndiye amalipira zambiri pa kilomita iliyonse. Mabungwe oimira madalaivala akhala akupempha boma kuti lifananitse msonkhowu.

Phindu kwa masitolo

Masitolo amayembekezera kuti munthu amene akudikira galimoto alowa n'kugula kanthu. Kafukufuku wa ofufuza a ku Massachusetts Institute of Technology ndi anzawo, yemwe anatuluka mu 2024 m'magazini ya Nature Communications, anaunika malo otchajira ku California. Anapeza kuti malo atsopano otchajira anakweza ndalama zomwe makasitomala ankagwiritsa ntchito pa bizinesi iliyonse yapafupi ndi 1.4 peresenti mu 2019, ndi 0.8 peresenti pakati pa 2021 ndi 2023. Phindu limeneli n'lochepa pa sitolo imodzi poyerekeza ndi mtengo woika makina othamanga, n'chifukwa chake masitolo ambiri amasiyira kampani ina udindo woika ndalama.

Malamulo

Maboma ayamba kulowererapo chifukwa cha madandaulo a madalaivala. Ku Britain malamulo a 2023 okhudza malo otchajira a pagulu amalamula kuti mtengo uzionetsedwa pa kWh, kuti makina atsopano a 8 kW kupita m'mwamba ndiponso othamanga omwe analipo kale azilandira khadi la kubanki, kuti pakhale nambala ya foni yaulere yoyankhidwa usana ndi usiku, komanso kuti makina othamanga a kampani iliyonse azigwira ntchito 99 peresenti ya nthawi pachaka. Bungwe la European Union lili ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, lokakamiza makina atsopano a 50 kW kupita m'mwamba kulandira makhadi a kubanki. Ku United States lamulo la zomangamanga la 2021 linapatula madola 7.5 biliyoni a malo otchajira, ndipo makina omangidwa ndi ndalama zimenezi ayenera kugwira ntchito kupitirira 97 peresenti ya nthawi.

M'maiko ena

Ku Germany masitolo a Aldi Süd, Lidl ndi Kaufland ankapereka magetsi aulere kwa zaka zingapo, koma onse anayamba kulipiritsa mu 2022. Lamulo la dzikolo limati kuyambira Januwale 2025 nyumba iliyonse yosakhalamo anthu yomwe ili ndi malo oimikapo magalimoto opitirira 20 ikhale ndi malo amodzi otchajira kapena kuposerapo, ndipo masupamaketi ambiri ali m'gulu limeneli. Ku Norway, komwe pafupifupi 89 peresenti ya magalimoto atsopano ogulitsidwa mu 2024 anali oyendera batire lokha, makina otchajira pamasitolo ndi chinthu wamba.

Ku South Africa magalimoto amagetsi akadali ochepa. Mu 2018 kampani ya Jaguar, mogwirizana ndi GridCars, inaika malo otchajira m'mizinda ikuluikulu ndi m'mbali mwa misewu monga N1, N2 ndi N3, ndipo ena mwa malowa ali pamisika ikuluikulu ya masitolo. Kumeneko, panthawi yomwe magetsi ankazima mwakasinthasintha, madalaivala ankaganiziranso za vutoli, chifukwa makina opanda sola, batire kapena jenereta amasiya kugwira ntchito magetsi akazimitsidwa m'deralo.